Siteshoni ya Smith–Ninth Streets ku Brooklyn: lipoti la mlatho wa njanji umene unakwezedwa chifukwa cha zombo

Lipoti ili ndalembera anzanga a ntchito ya milatho ndi zomanga za konkire, makamaka achinyamata amene angoyamba kumene kuyendera milatho ndi nyundo m'manja. Nkhani yake ndi ya siteshoni imodzi ya sitima za mumzinda wa New York, yotchedwa Smith–Ninth Streets, m'dera la Gowanus ku Brooklyn. Sitima za mumzindawu anthu amazidziwa kuti zimayenda pansi pa nthaka, koma siteshoni iyi ili m'mwamba, mamita 26.7 kuchokera pamsewu, msinkhu wa nyumba ya nsanjika 8 kapena 9. Kwa zaka zambirimbiri inali siteshoni yokwezeka kuposa ina iliyonse ya mtundu wake padziko lonse, mpaka pamene mzinda wa Chongqing ku China unatsegula ina yoiposa. Mbiri ya kutalikayo si imene yandikoka. Chandikoka n'chakuti kutalikako anakusankha poganizira zombo zodutsa pansi, ndipo zombozo zitatha, mtengo wa chisankhocho unatsalira konkire ndi miyendo ya okwera.

Zimene zilipo

Siteshoniyi ili pa njanji yotchedwa Culver Line, ndipo pamaima sitima za F ndi G. Pamwamba pali njanji zinayi. Ziwiri za m'mbali ndi za sitima zoima paliponse, ziwiri zapakati ndi za sitima zothamanga zimene zimangodutsa osaima. Mapulatifomu ndi awiri, ina mbali iyi ina mbali inayo, ndipo iliyonse imakwana sitima ya mabogi 10, yotalika mamita pafupifupi 183. Polowera ndi pamodzi pokha, pamsewu wa Ninth Street pafupi ndi mphambano yake ndi Smith Street. Munthu akalowa amakwera masitepe oyenda okha aataliatali, kufika pansanja yapakati, kenako n'kumalizitsa ndi masitepe wamba.

Pansi pa siteshoni pali ngalande ya Gowanus, yotalika makilomita 2.9, imene inakumbidwa m'dambo ndipo inatha cha m'ma 1869. Pa ngalandeyo pawoloka mlatho wa magalimoto wa Ninth Street, umene umanyamuka wonse kukwera m'mwamba pakafuna kudutsa bwato. Ndiye kuti pamalo amodzi pasanjikizana zinthu zitatu: madzi pansi, mlatho wonyamuka pakati, njanji pamwamba pa zonse.

Chimene anakwerera m'mwamba

Kuti mumvetse kudabwitsa kwa siteshoniyi muyenera kudziwa amene anaimanga. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 sitima za ku New York zinali m'manja mwa makampani awiri, IRT ndi BRT (imene inadzakhala BMT mu 1923). John Hylan, amene anali meya kuyambira 1918 mpaka 1925, ankadana nawo makampaniwa ndipo anafunitsitsa kuti mzinda ukhale ndi njanji yakeyake. Umo ndi mmene munabadwira njanji yachitatu, Independent Subway System, imene anthu amangoti IND. Bungwe la Board of Transportation, lokhazikitsidwa mu 1924, ndilo linaimanga, ndipo chigawo choyamba chinatsegulidwa pa 10 Sepitembala 1932 pansi pa Eighth Avenue ku Manhattan.

Cholinga chimodzi cha IND chinali kuthana ndi njanji zakale za m'mwamba. Njanji zimenezo zinali za chitsulo chokhachokha, zoimikidwa pakati pa misewu kuyambira cha m'ma 1870, zaphokoso, zotchinga dzuwa, zogwetsera mafuta ndi dzimbiri pamitu pa anthu. Eni nyumba ankazida chifukwa zinkatsitsa mitengo ya malo awo. Pamene njanji ya IND inkamangidwa pansi pa Sixth Avenue, njanji ya m'mwamba ya pamsewuwo inatsekedwa mu 1938 n'kugwetsedwa. Ndiye taonani: anthu omwewo amene anabwera kudzachotsa njanji za m'mwamba ndi amene anamanga siteshoni yokwezeka kuposa zonse. Pa masiteshoni onse oyambirira a IND, awiri okha ndi amene anali pamtunda, iyi ndi inzake yotsatira ya Fourth Avenue.

Sikuti anasintha maganizo, koma malo ndi amene anawakakamiza. Njanji ikuchokera ku Carroll Street, pansi pa nthaka, kumadzulo kwa ngalande. Ikufuna kupita ku Park Slope, dera la pachitunda kum'mawa. Pakati pali chigwa cha Gowanus, cha matope ndi madzi. Njira zinalipo zitatu.

Yoyamba inali kudutsa pansi pa ngalande. Vuto lake silinali kukumba kokha m'nthaka yofewa, ngakhale nakonso kumadya ndalama. Vuto lalikulu linali chitunda. Gudumu la chitsulo pa njanji ya chitsulo siligwira ngati tayala pamsewu, choncho sitima za mumzinda sizikonda kukwera kupitirira mamita atatu kapena anayi pa mamita 100 aliwonse. Mukatsikira pansi pa madzi, muyenera kuyamba kukwera kuchokera pamenepo, pomwe nthaka ya Park Slope pamwamba panu ikukwera msanga kuposa sitima yanu. Masiteshoni a pachitunda akanakhala akuya kwambiri, ndipo siteshoni yakuya ndi yodula pomanga, yodulanso poyendetsa tsiku ndi tsiku. Kuti muone mmene chitundacho chilili, dziwani kuti siteshoni ya Seventh Avenue, imene ili pansi pa nthaka, ili pamalo okwera kuposa ya Fourth Avenue imene ili pa mlatho. Sitima imalowa m'phiri ikukwerabe.

Yachiwiri inali mlatho wotsika wotseguka pakafika chombo. Umenewu m'maganizo anga unagwa msanga, chifukwa njanji yopitapo sitima mphindi zochepa zilizonse singadikire bwato la malasha. Mzindawu uli nayo milatho yotere pa njanji zake, monga wa Broadway pa mtsinje wa Harlem ndi wa ku Rockaway, ndipo ukatseguka sitima zimaima ndithu.

Inatsala yachitatu, mlatho wokhazikika koma wautali mokwanira kuti zombo za milongoti zidutse pansi monga malamulo a zoyenda pamadzi a nthawiyo ankafunira, komanso kuti mlatho wa magalimoto upeze mpata wotsegukira. Gowanus ya nthawi imeneyo inali yotanganidwa kwabasi, yodzaza mabwato a malasha, matabwa, simenti ndi katundu wa mafakitale opanga gasi, utoto ndi zikopa. Palibe amene akanalola kuti itsekedwe. Motero unamangidwa mlatho wa Culver, wotalika pafupifupi makilomita 1.6, ndipo sitima zinayamba kudutsapo pa 7 Okutobala 1933, tsiku limene njanji inafika ku Church Avenue.

Ndikanakhala mu ofesi yojambula mapulani chaka chimenecho, nanenso ndikanasankha mlatho. Funso langa lili pa siteshoni. Anaiika pafupi ndi nsonga yeniyeni ya mlatho, pomwe mtunda wochokera pamsewu ndi waukulu koposa, chifukwa pamenepo ndi pomwe njanji yayandikira Red Hook, dera la madoko limene lilibe siteshoni yakeyake. Chifukwa chake n'chomveka, koma chinamanga anthu a Red Hook ku makwerero ataliatali kwa mibadwo.

Chitsulo chobisidwa m'konkire

Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitse, chifukwa ndi pamene pali phunziro la ntchito yathu.

Njanji zakale za m'mwamba zinali zobowoka pansi. Mathabwa a njanji ankagona pa mitanda ya chitsulo, mvula n'kumangodutsa pakati kugwera pamsewu. Anthu apansi ankadandaula, koma chitsulo chinkauma msanga, ndipo dzimbiri likayamba, woyendera ankaliona ndi maso, n'kuitana opala ndi openta. Amisiri a IND sanafune zimenezo. Anaimika nsanamira ndi mitanda ya chitsulo, n'kuzikuta zonse ndi konkire, pamwamba n'kuyala silabu yotseka, yothira zotchinga madzi, kenako miyala ndi njanji. Zolinga zake zinali zabwino: phokoso lichepe, chitsulo chitetezeke ku moto ndi ku nyengo, ntchito yopenta ithe, ndipo mlatho uoneke ngati nyumba yolemekezeka m'malo mwa chigoba cha zitsulo. Mmisiri wamkulu wokongoletsa masiteshoni a IND, Squire Vickers, anaikamo ngakhale zikwangwani za timatailosi tobiriwira tolemba dzina la siteshoni, ngati za masiteshoni apansi. Pa siteshoni ya Fourth Avenue anamanga chipata chokhota chokongola chodutsa pamwamba pa msewu, chimene chinalowa m'kaundula wa malo a mbiri a dziko la America mu 2005.

Konkire yatsopano imatetezadi chitsulo. Madzi a m'timabowo take amakhala ndi mphamvu ya laimu, pH yake (muyeso wa asidi kapena laimu m'madzi) pakati pa 12 ndi 13, ndipo pamenepo chitsulo chimadzipangira khungu lopyapyala loletsa dzimbiri. Koma chitetezo chimenecho chimatha. Mpweya wa kaboni umalowa pang'onopang'ono kuchokera kunja n'kutsitsa pH kufika cha pa 9. Mchere ukalowa, ngati mmene zimakhalira pafupi ndi madzi a m'nyanja, khungu lija limabowoka ngakhale pH isanatsike. Dzimbiri likayamba limatupa, kutenga malo ochuluka kangapo kuposa chitsulo chimene ladya, ndipo limakankha konkire kuchokera m'kati mpaka kusweka. Ku New York kuli vuto lina limene ife a kotentha sitilidziwa: madzi akalowa mumng'alu n'kuundana m'nyengo yozizira, amafufuma ndi magawo 9 pa 100, mng'alu n'kukula, chaka chamawa madzi ambiri n'kulowa.

Silabu yotseka yokhala ndi miyala pamwamba ndi makoma m'mbali ili ngati beseni. Zotchinga madzi zikang'ambika kapena mapaipi otulutsa madzi akatsekeka ndi fumbi la miyala, madzi alibe kopita koma pansi, kudzera m'malumikizidwe ndi m'ming'alu, kukafika pa mitanda. Ndipo choipa kwambiri n'chakuti zotchingazo simungazione popanda kuchotsa njanji ndi miyala, kutanthauza kuimitsa sitima. Ntchito imene imafuna kuimitsa sitima ndi imene aliyense amaikankhira chaka chamawa, makamaka m'zaka za m'ma 1970 pamene mzinda wa New York unatsala pang'ono kugwa ndi ngongole ndipo ntchito yosamala njanji inalekeredwa.

Zimenezi n'zimene zinauchitikira mlatho wa Culver. Zotchinga madzi zinatha mphamvu, madzi anayenda m'kati mwa konkire kwa zaka, zidutswa zinayamba kuthothoka kugwera pansi pomwe pali misewu ndi mabwalo a makampani. Chimene chinachitika poyamba ndi kuukulunga mlathowo ndi nsalu ndi maukonde akuda ogwira zidutswa. Anthu a m'deralo anakhala akuuona wovala zakudazo kwa zaka zambiri. Sindikunyoza ukonde, chifukwa umapulumutsa mitu ya anthu. Koma ukonde suchiza, ndipo umaonjezera chotchinga china pakati pa maso a woyendera ndi chinthu chimene akuyenera kuona. Konkire yokuta chitsulo timaiyesa pogogoda ndi nyundo: yabwino imalira mokuthwa, yosiyana ndi chitsulo imalira ngati ng'oma yobooka. Kugogoda nsanamira ya mamita 20 ndi kuposa, yokulungidwa m'nsalu, pamwamba pa ngalande, si ntchito yoti munthu angadzuke m'mawa n'kuichita.

Ngati mudzapatsidwe mapulani a mtanda wa chitsulo wokutidwa ndi konkire, funso loyamba lisakhale kulemera kumene ungasenze. Funsani komwe madzi adzatulukire, amene adzatsegule paipi ikatsekeka, ndi njira imene adzafikire pamenepo sitima kapena magalimoto akuyenda.

Ntchito yokonza

Bungwe la MTA, limene limayendetsa njanjizi masiku ano, linayamba kukonza mlathowu mu 2009, ndipo ndalama zake zinapitirira madola 250 miliyoni. Ndondomeko yake ndi yomwe aliyense wa ife akanalemba: chotsani njanji, chotsani zapamwamba zonse, konzani silabu, yalani zotchinga madzi zatsopano ndi mapaipi ake, bwezerani njanji ndi masiginolo atsopano, kenako tsikirani kunsi kukagumula konkire yofooka, kupala chitsulo ndi kuphimbanso. Dongosololo ndi lofunika. Kukonza kunsi madzi akudonthabe kuchokera pamwamba n'kutaya simenti.

Chimene chinapangitsa kuti ntchito itheke sitima zikuyenda ndi njanji ziwiri zapakati zija. Amisiri a IND ankamanga mowolowa manja, ndipo ambiri anawadzudzula kuti anawononga ndalama pa njanji zothamangira zimene zinagwira ntchito nthawi yochepa. Pa chigawo ichi sitima zothamanga zinayenda kuyambira 1968 mpaka 1976 basi, kenako njanjizo zinakhala pafupifupi zopanda ntchito. Koma pa nthawi yokonza, kukhala ndi njanji zinayi kunalola kutseka ziwiri n'kuyendetsa sitima pa ziwiri zinazo, mothandizidwa ndi mapulatifomu ongogwirizira amene ankamangidwa pamwamba pa njanji zina. Pakanakhala njanji ziwiri zokha, anthu a kum'mwera kwa Brooklyn akanakhala pa mabasi kwa zaka. Kuyambira Sepitembala 2019 sitima zochepa za F zinayambanso kuthamanga pa njanji zapakatizo nthawi ya m'mawa ndi madzulo.

Panatulukanso phindu lina losayembekezeka. Kuyambira 1976 sitima ya G inkathera pa Smith–Ninth Streets, n'kukatembenukira pa njanji za pafupi ndi Fourth Avenue. Malo otembenukirawo atalowa m'ntchito yokonza, sitimayo inatalikitsidwa kufika ku Church Avenue mu Julayi 2009, masiteshoni asanu kupitirira. Zinayenera kukhala zakanthawi, koma okwera anazikonda, ndipo mu 2012 MTA inalengeza kuti zikhala choncho.

Siteshoni yeniyeniyo inatsekedwa kotheratu mu Juni 2011. Inayenera kutsegulidwa m'chaka cha 2012, koma ntchito inachedwa, ndipo pakati pake mu Okutobala 2012 namondwe wa Sandy anamiza Red Hook ndi Gowanus. Inatsegulidwa pa 26 Epulo 2013, patatha miyezi 22, itadya madola 32 miliyoni. Anakonza madenga a mapulatifomu, zotchinga mphepo, magetsi, zokuzira mawu ndi nyumba yolowera, imene anaikuza. Wojambula Alyson Shotz anakongoletsa mawindo ndi khoma ndi mapu akale a oyenda panyanja osonyeza Gowanus ndi Red Hook. Pa pulatifomu munthu amaona doko, nyumba zazitali za Manhattan ndi chipilala cha Statue of Liberty, ndipo alendo ena amakwera kukangojambula zithunzi.

Chimene chinasiyidwa

Ntchito yonseyi inatha popanda chikepe. Siteshoni yokwezeka kuposa zonse mumzinda inatsekedwa pafupifupi zaka ziwiri, n'kutsegulidwa munthu wa panjinga ya olumala asanapezebe njira yofikira pa sitima. Akuluakulu ankaloza ku mtengo ndi kuvuta kwa malowo. Monga injiniya ndikuvomereza kuti kuvutako n'koona. Komabe ndikuona kuti apa panalakwika.

Taganizirani amene amaidalira siteshoniyi. Ku Red Hook kuli nyumba za boma za Red Hook Houses, zotsegulidwa mu 1939, zazikulu kuposa zina zonse za mtundu wake ku Brooklyn, zokhala anthu zikwizikwi opeza movutikira, okalamba ndi olumala ali momwemo. Msewu waukulu wa Gowanus Expressway, umene mkulu wa zomangamanga Robert Moses anamanga m'ma 1940, unadula deralo kulisiyanitsa ndi Brooklyn yense. Munthu wochokera kumeneko amayenda wapansi kapena pa basi ya B61, kuwoloka pansi pa msewu waphokosowo, ndiyeno n'kuyamba kukwera mamita 26.7. Masitepe oyenda okha amathandiza, koma samafika pa pulatifomu, satenga njinga ya olumala, ndipo akawonongeka, mayi wa mwana m'ngolo amatsala ndi masitepe wamba.

Lamulo loteteza anthu olumala ku America linakhazikitsidwa mu 1990, zaka zoposa 20 siteshoniyi isanatsekedwe kuti ikonzedwe. Mu 2019 khoti la boma linagamula pa nkhani ya siteshoni ina ya m'mwamba, Middletown Road ku Bronx, imene inakonzedwa mu 2013 ndi 2014 popanda chikepe, kuti wokonza masitepe a siteshoni ayenera kuikanso chikepe pokhapokha ngati kamangidwe kake sikangalole, osati chifukwa chakuti n'chodula. Mu 2022 MTA inagwirizana ndi mabungwe a anthu olumala kuti pofika 2055 masiteshoni 95 pa 100 aliwonse, mwa 472 amene alipo, adzakhale ofikirika ndi aliyense.

Pakali pano zombo za milongoti zinatha kalekale pa Gowanus. Mafakitale anasamuka n'kusiya phula la malasha ndi zitsulo zapoizoni pansi pa madzi, moti mu 2010 bungwe la boma loona zachilengedwe la EPA linaika ngalandeyo pa mndandanda wa malo oipitsidwa kwambiri, ndipo kukumba matopewo kunayamba mu 2020. Mu 2021 khonsolo ya mzinda inalola kumanga nyumba zogona zambiri m'deralo, ndiye kuti okwera akuchuluka pa khomo limodzi lomwe lija.

Kuika chikepe pa siteshoni yokonzedwa kale n'kodula kuposa kuchiika makoma ali otsegula. Mapulatifomu ali awiri olekanitsidwa ndi njanji zinayi, choncho chikepe chimodzi sichingakwane: pafunika chimodzi chochokera pamsewu kufika pansanja yapakati ndi china kumbali iliyonse, kapena nsanja ziwiri zazitali zoima pazokha. Nsanja yotereyi imafuna maziko ozama m'matope a m'mphepete mwa ngalande, dothi lofukulidwalo liyenera kuyesedwa ndi kutayidwa mwa malamulo a zapoizoni, makina ake ayenera kukhala pamwamba pa msinkhu umene madzi a Sandy anafika, ndipo polumikiza nsanjayo ku mlatho padzafunika kuboola konkire ndi zotchinga madzi zomwe zinangoyalidwa pa ntchito ya 2009 mpaka 2013.